Chiwindi cha Pulofesa Lockridge

Renita Sandvig anabadwira ku Ballard, mumzinda wa Seattle, m'nyumba yamatabwa imene inkanunkha dizilo ndi nsomba chaka chonse. Bambo ake ankapita ku Alaska pa boti la eni ake n'kubwerako milomo itang'aluka ndi chisanu. Mayi ake ankaika nsomba m'zitini pafakitale mpaka zala zinapindika. Onse awiri ankafuna chinthu chimodzi, choti mwana wawo adzagwire ntchito youma, ya m'nyumba yofunda. Renita anawamvera. Anaphunzira sayansi ya zamoyo, ndipo analowa mu labu ya Pulofesa Emmett Lockridge, katswiri wa chiwindi, amene ankakonda kunena kuti ziwalo zina zonse m'thupi zimangoperekeza.

Zimene zinamuchotsa pa ntchito ya manja ndi mbewa. Maso anayamba kutupa akangolowa m'chipinda chosungiramo mbewa zofufuzira, kenako chifuwa chinayamba kubanika. Tsiku lina anagwa pakhomo khola lili m'manja, n'kukatsitsimukira kuchipatala. Dokotala anamuuza mosapsatira kuti asankhe chimodzi, mbewa kapena mapapo ake.

Pulofesa anabwera kudzamuzonda atanyamula maluwa amene aliyense akanaona kuti awathyola pabwalo la chipatala chomwecho.

"Sandvig, pukuta misozi," anatero. "Ndili ndi chiwindi china chopanda ubweya."

Ankanena chiwindi cha m'kompyuta. Anali atayamba kulemba masamu otsanzira zimene chiwindi chimachita mankhwala akalowa m'magazi, mmene chimawakokera, mmene chimawaphwanyira, ndi nthawi imene otsalawo amazungulira m'thupi. Ukauza kompyuta msinkhu wa munthu, kulemera kwake ndi mlingo wa mankhwala, iyo inkajambula mzere wokwera n'kutsika, wosonyeza kuchuluka kwa mankhwalawo m'magazi. Anthu a ntchitoyi chinthu chotere amachitcha modelo. Mu labumo ankangoti Chiwindi, ngati dzina la mnzawo.

Renita anakhala mu labu imeneyo mpaka imvi zinayamba. Anakwatiwa ndi Merle, mwamuna wanthabwala wogwira ntchito pa sitima yowolotsa magalimoto kupita kuchilumba cha Vashon. Ana sanakhale nawo, ndipo nkhani imeneyo sankaikamba. Pulofesa atapuma pa ntchito labu inatsekedwa, Renita n'kusamukira ku kagulu kakang'ono ka ntchito yosakondedwa. Ankatenga modelo imene munthu wafalitsa m'magazini ya sayansi, kuilembanso m'kalembedwe koti kompyuta iliyonse iwerenge, kuiyendetsa, n'kuona ngati mizere ikutuluka monga mwini wake ananenera. Kawirikawiri sinkatuluka. Pena nambala inali itaiwalika, pena mwini analemba mphindi akuganiza maola, pena wophunzira amene ankadziwa zonse anali atapita kale kukagwira ntchito kubanki. Renita ankafunsa eni ake mwaulemu. Ena ankathokoza, ambiri ankangokhala chete. Pamisonkhano anthu ankamumwetulira mmene amamwetulirira wapolisi wapamsewu.

M'mawa wina wa mvula, mu Okutobala, mu ofesi yake munalowa mayi wamfupi, jekete likudontha madzi. Anali Dokotala Imelda Tolentino wa kuchipatala cha ana.

"Ndamva kuti Chiwindi cha a Lockridge munachilera ndinu," anatero asanakhale n'komwe.

"Ine ndinkangochisintha matewera," anayankha Renita. "Ochibala ndi ena."

Dokotalayo sanaseke. Anafotokoza mothamanga, ngati munthu amene wasiya mphika pamoto. Anali ndi ana odwala matenda osowa, obadwa nawo, amene amafooketsa mnofu wa mtima. Panali mankhwala akale, a akuluakulu, amene iye ndi anzake ankakhulupirira kuti angathandize. Vuto linali mlingo. Akachepa sagwira ntchito, akachuluka amasokoneza kugunda kwa mtima womwewo. Palibe amene anawayesapo pa ana. Koma pepala lomaliza limene Pulofesa Lockridge anafalitsa linali la mankhwala omwewo, ndipo linali ndi mizere ya akulu, ya ana osinkhuka, ndi ya makanda.

"Komiti yoteteza odwala yavomera zonse," anatero Imelda. "Yangotsala ndi khalidwe lake latsopanoli. Akuti munthu wina, pa kompyuta ina, atulutsenso mizere yomweyo, asaine. Kwa inu si ntchito ya sabata imodzi imeneyi?"

Renita anavomera mokondwa. Ankaona ngati akupita kukacheza kwa m'bale.

Anatenga pepalalo n'kulemba masamu onse mwatsopano, nambala ndi nambala. Atayendetsa, mzere wa akuluakulu unakwera kupitirira wa m'pepala. Wa ana unakwera kwambiri. Wa makanda unakwera n'kukana kutsika, mankhwala akungounjikana m'magazi mlingo uliwonse ukalowa. Renita sanadandaule poyamba. Anati walakwitsa ndi iyeyo. Anabwereza zonse, anapempha mnzake wa mu ofesi kuti alembe payekha osaona zake, ndipo mnzakeyo anatulutsa mizere yofanana ndi ya Renita, osati ya m'pepala.

Apa mpamene anaganiza zokafunsa Chiwindi chimene anachilera chija.

Chiwindi chenichenicho, chakale, chinali chikadalipo. Chinkakhala m'kompyuta yaimvi, yolemera ngati chitofu, m'chipinda chapansi cha nyumba yakale ya labu. Zolemba zake zoyambirira, zimene munthu akanawerenga mzere ndi mzere, zinawonongeka chaka china paipi itaphulika m'chipindamo. Chotsala chinali pulogalamu yomangika kale, yoti umaipatsa manambala n'kukuyankha koma sungaisuzumire m'kati, ndipo inkayenda pa kompyuta imeneyo yokha. Palibe amene anaizimitsapo kwa zaka, poopa kuti sidzadzukanso. Renita anatsikira komweko, anapukuta fumbi pa galasi, n'kulowetsa manambala a m'pepala. Kompyutayo inalira ngati njuchi yotsekeredwa m'botolo, kenako inajambula mizere ya m'pepala ndendende.

Potuluka anaona chikwangwani pakhomo. Nyumbayo ankaikhuthula kuti ailimbitse chifukwa cha zivomerezi. Magetsi a chipinda chapansi adzadulidwa Lachisanu.

"Ndiye wabodza ndani, iweyo kapena nkhalambayo?" anafunsa Merle madzulo, akukazinga nsomba.

"Nkhalamba iti? Kompyuta kapena Pulofesa?"

"Zonse ziwiri zili ndi zaka zofanana."

"Usaseke, Merle. Pali ana kumapeto kwa nkhaniyi."

Merle anatembenuza nsombayo n'kuchepetsa moto. "Pita ukawafunse eni ake. Mawa ndili pa sitima ya m'mawa, ndikuika kutsogolo kuti utsike woyamba."

"Ukudziwa mmene alili."

"Ndikudziwa. Mwezi watha anandipatsa moni ngati ndine m'busa. Koma pita."

Pulofesa Lockridge ankakhala ku Vashon ndi akazi awo, a Bernice, mphunzitsi wa piyano wopuma pa ntchito. Matenda oiwala anali atawadya pang'onopang'ono. A Bernice anamulandira Renita pakhonde ndi manja awiri. Ndiwo ankaphikira ophunzira onse a mu labu nkhukundembo pa chikondwerero cha kuthokoza, ndipo ndiwo anamusokera Renita diresi laukwati mayi ake atamwalira.

"Mwana wanga, wawonda! Merle sakukudyetsa? Lowa. Lero adzuka bwino, koma usawatopetse."

Pulofesa anali pampando pafupi ndi zenera, bulangeti pamiyendo, akuyang'ana agologolo akuba chakudya cha mbalame. Atamuona Renita anapinda mkono wa malaya n'kutambasula dzanja.

"Tengani msanga magaziwo, mayi. Dzulo munandibaya kawiri."

"Ndine Sandvig, Pulofesa."

"Sandvig ndi mtsikana," anatero mokoma mtima. "Inu ndinu mayi wamkulu."

Renita anatulutsa mapepala awiri, la mizere yakale ndi la mizere yake, n'kuwaika pa bulangetipo. Nkhalambayo inawayang'ana nthawi yaitali. Kenako chala chawo chinayamba kutsata mzere wa Renita, kukwera nawo, n'kuima pamwamba.

"Chiwindichi wachidzidzimutsa," anatero, ndi mawu ena, mawu a kale a mu labu. "Wachimwetsa mankhwala chitangodzuka kumene. Chisiye chiyende chokha kaye, chopanda kanthu, mpaka zonse m'katimo zikhazikike. Ukatero ndiye upereke mankhwala. Wapanga izi ndani? Wophunzira wa chaka choyamba?"

"Ndine, Pulofesa. Koma zimenezo m'pepala mulibe."

"Zilembedwe chifukwa chiyani? Kodi umalembera munthu kuti avale nsapato asanatuluke panja?"

Renita anathamangira kukhitchini kumene anasiya laputopu yake. A Bernice ankatcheza khofi, akung'ung'udza nyimbo. Kusinthako kunali kwa mizere iwiri yokha. Atayendetsa, mzere wa akuluakulu unagona pamwamba pa wa m'pepala ngati chivundikiro pa poto wake. Wa ana osinkhuka chimodzimodzi. Renita anamva misozi ikubwera. Anadina wa makanda.

Wa makanda unatsikako pang'ono, koma unakhalabe pamwamba, kutali ndi wa m'pepala.

Anayesanso. Anabwerera kuzenera laputopu ili m'manja, n'kugwada pambali pa mpando.

"Pulofesa, akulu alondola, ana alondola. Koma makanda akukana. Kodi pa makanda munachita china chake? Taganizani. Pali dokotala akufuna kuwapatsa mankhwalawa."

"Makanda?" Maso aja anayamba kuyendayenda. "Makanda ati? Ife tili ndi mbewa. Ndani wabweretsa makanda mu labu?"

"Ayi, ndikunena mzere wachitatu uja..."

"Tapha mwana?" Anagwira dzanja la Renita mwamphamvu yodabwitsa. "Bernice! Akuti tapha mwana! Sindinamupatse kanthu ine, sindinamukhudze!"

Anayesa kuimirira, bulangeti linawakola miyendo, mapepala anamwazika. A Bernice anafika akuthamanga, anawakumbatira mutu n'kumawasisita, akuwauza kuti kulibe mwana, kulibe, ndi agologolo okha. Nkhalambayo inkalira ngati kamwana. Patapita nthawi a Bernice anadzutsa nkhope, ndipo Renita anali asanaionepo nkhope imeneyo.

"Ndimayesa wabwera kudzacheza."

"Pepani, mayi. Sindimafuna..."

"Ndikudziwa ntchito imene umagwira masiku ano. Umafukula zolakwa za anthu. Ndinkati kwa ena, osati kuno. Munthuyu watsala ndi chiyani, Renita? Dzina langa amaliiwala. Chimene chatsala ndi dzina lake m'mabuku, ndiye ukufuna umulande akadali moyo?"

"Pali ana odwala, mayi."

"Tenga makina akowo uzipita."

Pa sitima yobwerera Renita sanatuluke m'galimoto. Merle anabwera atavala jekete lake lowala, anasuzumira pazenera, anaona nkhope yake, ndipo anangogogoda padenga la galimoto kawiri n'kubwerera ku ntchito.

Lachisanu m'mawa anapeza nyumba yakale ija ili piringupiringu. Anthu ankatulutsa mafiriji ndi matebulo, makonde atadzaza makatoni. M'chipinda chapansi munali mkulu wa amagetsi, bambo wandevu zofiira, akumata timapepala pa mawaya.

"Amayi, muno simuloledwa. Tikudula nthawi ina iliyonse."

"Ndipatseni kanthawi kochepa. Kompyuta iyi ikazima mwina sidzayakanso."

Bamboyo anaiyang'ana n'kuseka. "Imeneyi? Agogo anga anali ndi ina yake. Tamverani, anyamata anga ali pamwamba, akamaliza kumeneko ine ndikugwetsa switchi. Sindidikira munthu. Pali kampani ina ikulowa masana."

Renita anakhala pa katoni. Popeza sakanatha kusuzumira m'kati mwa pulogalamuyo, anaganiza zoifunsa mafunso mpaka idziulule yokha. Anayamba ndi mwana wa makilogalamu makumi awiri, n'kumatsitsa kulemera ndi msinkhu pang'onopang'ono, akuyerekeza yankho la kompyuta yakale ndi la laputopu yake. Kompyutayo inkatenga nthawi pa funso lililonse, ikulira, ndipo pamwamba pankamveka zitsulo zikukokedwa. Mizere iwiriyo inkayendera limodzi. Pa makilogalamu khumi ndi asanu, limodzi. Pa khumi ndi awiri, limodzi.

Atatsika pansi pa makilogalamu khumi, mzere wa laputopu unapitiriza kukwera monga zimayenera kukhalira, pakuti chiwindi cha khanda n'chosakhwima ndipo chimachedwa kuphwanya mankhwala. Koma wa kompyuta yakale unaima. Pa asanu ndi atatu unali womwewo. Pa asanu, womwewo.

"Amayi!" anaitana wa ndevu uja ali pamasitepe. "Atsika anyamata!"

"Chonde, funso limodzi lokha!"

Analemba kulemera kwa mbewa ndi msinkhu wa tsiku limodzi. Kompyuta inalira, inalira, n'kujambula mzere womwe uja, wa mwana wa makilogalamu khumi.

Apa Renita anamvetsa. Chiwindi chakalecho makanda sichinkawawerengera n'komwe. Aliyense wochepera makilogalamu khumi chinkamutenga ngati mwana woyenda kale. Ndipo anakumbukira kuti kalekale pulogalamuyi inkakonda kuuma ukaipatsa manambala aang'ono, anthu n'kumatukwana, mpaka sabata ina inangosiya kuuma. Onse anasangalala. Palibe anafunsa kuti wakonza ndani, kapena wakonza bwanji. Wina anaikamo malire kuti isamaume, mwina Pulofesa, mwina mmodzi wa ophunzira ambirimbiri amene anadutsamo, ndipo pofika nthawi ya pepala lomaliza zinali zitaiwalika.

Anatulutsa foni n'kujambula galasilo mothamanga. Chithunzi choyamba chinatuluka chosaoneka bwino. Anajambulanso. Akufuna kubwereza funso la makilogalamu asanu kuti nalonso alijambule, magetsi anathima, ndipo kulira kuja, kumene kunamveka m'chipindamo kwa zaka zonsezo, kunatsika pang'onopang'ono mpaka zii.

Wa ndevu uja anamumvera chisoni, anamuthandiza kukweza kompyutayo pa ngolo mpaka ku ofesi yake. Atailumikiza kumeneko inangoti kwe, kwe, n'kununkha ngati tsitsi lopsa. Akatswiri anaitsegula sabata yotsatira n'kupeza kuti chosungira chake chinali chitafa.

Imelda Tolentino anamvetsera nkhani yonse ataimirira m'khonde la chipatala, manja m'matumba. Renita anamuonetsa chithunzi cha pafoni.

"Ndiye umboni wanu ndi umenewu? Chithunzi chimodzi cha mbewa?"

"Ndi zimene ndinaona ndi maso. Akulu ndi ana osinkhuka ndisaina lero lomwe. Makanda ayi."

"Tabwerani kuno."

Anamutengera pa zenera la chipinda china. M'katimo munali kabedi, ndipo pakabedipo kamwana kakamuna, timachubu m'mphuno, kachifuwa kakukwera ndi kutsika mofulumira ngati ka mbalame. Mayi wake, mtsikana wovala juzi la sukulu ya sekondale, anali atagona pampando, nsapato zili kuphazi.

"Uyo ndi Tobiah. Achokera ku Yakima, bambo ake amathyola maapozi. Mwa ana anga onse, amene akufunikira mankhwalawa msanga ndi makanda, chifukwa ndi amene amafa. Osinkhukawo atha kudikira chaka. Uyu sangadikire."

"Ndikumva, Dokotala."

"Simukumva. Pepala lija linawunikidwa ndi akatswiri, lakhala zaka, anthu alitchula kambirimbiri. Inu mwabwera ndi laputopu n'kunena kuti n'lolakwa. Chabwino. Ndiye modelo yanuyo ndi yolondola?"

"Sindikudziwa."

"Simukudziwa!"

"Yanga ikungotsata masamu a m'pepala mpaka pansi. Koma masamuwo pa makanda palibe anawayesapo ndi magazi enieni. Chimene ndikudziwa n'choti mzere wachitatu uja si wa khanda. Ndi wa mwana wamkulu, wangovala dzina la khanda."

"Ndipatseni nambala yanu ndiye. Theka? Gawo limodzi mwa magawo atatu? Nenani, ndikaipereke ku komiti."

"Nambala ndilibe."

Imelda anayandikira, mawu anatsika. "Mukudziwa kusiyana kwa inu ndi ine, a Sandvig? Inu mukakana kusaina, manja anu ndi oyera, mupita kunyumba. Ine ndi amene ndikalowe m'chipindamo kukamudzutsa mtsikanayo."

Renita anayang'ana kamwana kaja. Anaganiza zosaina. Anaziganizadi, osati pang'ono. Kompyuta inali itafa, ndipo palibe wina padziko amene akanadziwa. A Bernice akanamukhululukira. Mwinanso mlingo wa m'pepalawo ukanakhala bwinobwino, pakuti thupi la munthu si masamu. Koma ankaonabe m'maso mwake mzere uja wa pa laputopu, wokwera osatsika, ndipo ankadziwa chimene mankhwalawo amachita ku mtima akachuluka.

"Mukafuna ndilowa nanu," anatero. "Koma sindisaina."

"Sindikufunani m'chipinda changa," anayankha Imelda, n'kutsegula chitseko yekha.

Komiti inakumana sabata yotsatira. Anamufunsa Renita mafunso ambiri, ena aukali. Mkulu wina amene anaphunzira limodzi ndi Pulofesa Lockridge anafunsa ngati panali chidani pakati pa iye ndi abwana ake akale. Renita anati ayi, ndipo anaika poyera zonse zimene analemba kuti aliyense wa iwo akayendetse yekha kunyumba. Awiri anakayendetsadi. Chigamulo chinali choti kafukufuku ayambe ndi ana osinkhuka, makanda adikire mpaka atayezedwa magazi ndi timilingo tating'ono kwambiri, tosachiza, tongoonera mmene chiwindi chawo chikuchitira. Kupeza chilolezo cha zimenezo kunatenga dzinja lonse.

Tobiah anamwalira mu Febuluwale. Renita anamva kwa namwino wina, pamzere wogulira khofi. Anatuluka pamzerepo, anakalowa m'galimoto yake pamalo oimikapo, ndipo anakhala momwemo mpaka Merle anamuimbira kufunsa ngati agule buledi. Masabata otsatira ankadya pang'ono, ndipo mankhwala ake a chifuwa ankatha msanga kuposa kale. Merle anasiya nthabwala. Tsiku lina anamufunsa ngati akanasaina akanadziwa.

"Usandifunse zimenezo," anatero Renita. "Ndimadzifunsa ndekha, sindikufuna wachiwiri."

Zotsatira za magazi zitabwera, sizinakomere aliyense kwathunthu. Mankhwalawo ankakhalitsadi m'thupi la makanda kuposa mmene pepala linanenera, koma osafika pamene modelo ya Renita inaloza. Mlingo wa m'pepala uja ukanavulaza ena, makamaka ochepetsetsa, ena ukanawadutsa bwino. Tobiah akanakhala mbali iti, palibe angadziwe. Ndi manambala atsopanowo Renita ndi anthu a Imelda anakonza gawo la makanda, ndipo chaka chotsatira makanda oyamba analandira mankhwalawo. Awiriwo ankagwira ntchito limodzi mwaulemu, kudzera pa mauthenga. Sanakhalepo pa tebulo limodzi kumwa khofi.

Magazini imene inafalitsa pepala lija inasindikiza chilengezo chachifupi chokonza cholakwikacho pansi pa dzina la Pulofesa. Renita anachilemba yekha, ndipo analimbana ndi akonzi kuti chinene momveka kuti magawo awiri mwa atatu a ntchitoyo anapezeka olondola patapita zaka zonsezo, chinthu chimene mamodelo ambiri sakwanitsa. Anatumiza kope ku Vashon. Yankho silinabwere. Pulofesa anamwalira chilimwe chimenecho osadziwa kalikonse. Pa mwambo wowakumbukira, m'tchalitchi chaching'ono cha pachilumbapo, Renita ndi Merle anakhala kumbuyo. Potuluka a Bernice ankagwira chanza aliyense pakhomo. Atafika Renita anamuyang'ana, anamukonzera kolala ya jekete imene inapindika, n'kunena kuti, "Wabwera." Kenako anatembenukira kwa wotsatira.

Renita anagwirabe ntchito yake zaka zina zingapo. Chiwindi chatsopanocho anachiika poyera, pamalo pamene aliyense angachitenge, ndi malangizo onse, ngakhale aja ooneka ngati achibwana. Anthu anachitenga ku Korea, ku Germany, ku South Africa, ena pa mankhwala ena, ena pophunzitsa. Atatsala pang'ono kupuma pa ntchito, analandira uthenga wochokera kwa mayi wina wofufuza wa ku Recife, ku Brazil. Mayiyo anapepesa kaye m'ndime yathunthu, kenako anati wayendetsa modeloyo ndipo akuona ngati pa gawo la impso pali nambala imene yalembedwa m'malita pomwe imayenera kukhala m'mamililita. Sizinkakhudza mankhwala a ana aja, koma pa mankhwala amene iye ankafufuza zinkasokoneza zonse.

Renita anatsegula n'kuyang'ana. Mayiyo ankanena zoona, ndipo nambalayo anailemba ndi iye mwini.

Anakonza m'mawa womwewo, analemba dzina la mayiyo pa mndandanda wa okonza, n'kumuyankha kuti asadzapepesenso. Kenako anamufunsa ngati gawo la matumbo analiyang'ananso, chifukwa iye sankalikhulupirira kwenikweni.